Injini Yachilendo m'Galimoto Yakale: Luso Lopanga Zitsulo Zolumikizira kwa Nazombe

Dera la Mfumu Yaikulu Nazombe, lomwe lili chakum'mawa kwa boma la Phalombe kufupi ndi phiri la Michesi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ndi limodzi mwa madera amene galimoto yaing'ono yakale imalemekezedwa chifukwa cha ntchito imene imagwira, osati chifukwa cha maonekedwe ake. Galimoto yotereyi ndi imene imatuta matumba a nandolo, chimanga ndi mpendadzuwa kupita nawo kumisika ya Chiringa ndi Migowi, ndipo ndi yomweyo imene imadzutsidwa pakati pa usiku kuti ithamangire ndi wodwala kuchipatala. Kumayiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amachotsa injini m'timagalimoto takale monga Mini, imene inapangidwa kuchokera mu 1959 mpaka 2000, n'kuikamo ina yamphamvu pofuna liwiro ndi kusangalatsa maso pazionetsero, pomwe kwa Nazombe munthu amasintha injini pofuna kuti chuma chake chokhacho chisasanduke chikuku choswerera nkhuku kuseri kwa nyumba. Ngakhale zifukwa zili zosiyana chotero, vuto limene mmisiri amakumana nalo ndi limodzimodzi kulikonse, ndipo vutolo ndi lakuti injini yatsopanoyo sinapangidwire malo amene ikuikidwawo, motero pamafunika zitsulo zina zimene sizigulitsidwa m'sitolo iliyonse, zoyenera kuyezedwa, kudulidwa, kuboolewa ndi kuwotchereredwa pamanja.

Chitsanzo chodziwika bwino m'chigawo chino cha Africa ndi kapikiapu ka Nissan 1400, kamene kanayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, kenaka kanalandira injini yokulirapo ya A14 mu 1980, ndipo kanapitirira kutuluka m'fakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka mu 2008 pamene kanalowedwa m'malo ndi NP200. Injini ya A14 ili ndi masilinda anayi, kutanthauza mabowo anayi m'mene petulo amayakira, ndipo kukula kwake konse ndi 1397 cc. Mnzake wa m'nyengo yomweyo ndi Toyota Corolla ya mtundu wa KE70, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, imene inkayenda ndi injini ya 4K ya 1290 cc. Magalimoto awiriwa amafanana pa mfundo imodzi yofunika kwambiri pa nkhani ino, yakuti injini yawo imagona chamulitali, mphuno kutsogolo, ndipo mphamvu yake imadutsa m'giyabokosi ndi m'chitsulo chachitali chozungulira mpaka kukafika kumatayala a kumbuyo.

Injini zimenezi n'zolimba, koma zilibe moyo wosatha. Silinda ikaperepeseka imaboolewanso kuti ilandire pisitoni yokulirapo, ndipo zimenezi zimatheka kangapo kokha khoma lake lisanapyapyale mopitirira muyezo. Mutu wa injini ukatenthedwa mobwerezabwereza umapindika kapena kung'aluka. Ndipo masipeyala enieni a injini imene inasiya kupangidwa kalekale amasowa chaka ndi chaka, m'malo mwake mumadzaza achinyengo osakhalitsa. Kugula galimoto ina si nkhani yapafupi kwa mlimi kapena wamalonda wa kumudzi, makamaka kuchokera pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene zinakweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja. Chimene chimafikirika ndi injini yogwirapo kale ntchito, yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan kapena m'galimoto yangozi, imene imapezeka kwa ogulitsa masipeyala ku Limbe ndi kumsika wa Ndirande mumzinda wa Blantyre.

Kukula kwa ntchito ya zitsulo kumadziwika pa tsiku losankha injini, mmisiri asanayatse n'komwe makina owotcherera. Injini ya m'banja limodzi ndi yakaleyo imalowa popanda nkhondo yaikulu: A15 ya 1487 cc, imene inkaikidwa mu Nissan Vanette yakale, ndi mbale wake wa A14, monganso 5K ndi 7K za mu Toyota LiteAce ndi TownAce zili abale a 4K, ndipo pazoterezi ntchito imakhala yosintha zidutswa zochepa zokha. Zinthu zimavuta munthu akakopeka ndi injini monga 4A-FE kapena 5A-FE ya mu Corolla ya m'zaka za m'ma 1990, imene imapezeka mosavuta ndipo simamwa petulo wambiri, koma inapangidwa kuti igone chopingasa n'kumayendetsa matayala a kutsogolo. Injini yotere ikatembenuzidwa kuti igone chamulitali, chimene chinali kumbali chimapezeka kumbuyo, kotero kuti mapaipi a madzi ndi chogawira moto kumapulagi zimakagunda khoma lolekanitsa injini ndi malo okhala anthu, ndipo chilichonse mwa izi chimafuna kupangiridwa njira yakeyake. Mmisiri woona mtima amamuuza mwini galimoto zimenezi asanapereke ndalama kwa wogulitsa injini, chifukwa injini yotchipa imene imafuna zitsulo zambiri zopanga imadzatha ndalama zoposa injini yodula yolowa mosavuta.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuyeza, ndipo apa m'pamene pamasiyanira mmisiri wodziwa ndi wongoyerekeza. Injini imamangidwa kaye pamodzi ndi giyabokosi yake, n'kukwezedwa ndi tcheni chokokera katundu chopachikidwa pa milongoti itatu yolimba, kenaka imatsitsidwa pang'onopang'ono m'malo mwake n'kutsamiritsidwa pa majeke ndi pa zipika za mtengo, galimoto ili pamalo osalala ndipo yaima pa matayala ake monga imaimira pamsewu. Chingwe chimakokedwa kuchokera pakati pa mphuno ya galimoto mpaka pakati pa difu, lomwe ndi bokosi la magiya limene limagawa mphamvu kumatayala awiri a kumbuyo, ndipo mzere wapakati wa injini uyenera kutsata chingwecho kapena kuyenda moyandikana nacho osapatukira kumbali. Injini imayeneranso kupendekera kumbuyo pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, molingana ndi mmene mphuno ya difu yapenyera. Kuzungulira injini yonse kumasiyidwa mpata wokwana chala chimodzi kapena ziwiri, chifukwa injini siikhala chete ikamagwira ntchito koma imadzipotokola nthawi iliyonse pamene dalaivala waponda mafuta, ndipo mpata umene ukuoneka wokwanira galimoto itazima umatha galimoto ikamakwera mtunda ndi katundu.

Injini ikakhazikika pamalo oyenera, mmisiri amapanga zoigwirira, zimene amakaniko amazitcha mamaunting'i. Izi ndi zitsulo ziwiri, china kumanja china kumanzere, zimene zimachokera pa mabowo a m'mbali mwa injini n'kukatsamira pa mtanda wachitsulo wodutsa pansi pake, ndipo chachitatu chimanyamula mchira wa giyabokosi. Njira yodalirika ndi yoyamba kudula chifanizo cha chidutswa chilichonse pa katoni, n'kuchiyesa pamalo pake, kuchidula ndi kuchiyesanso mpaka chitakhala bwino, kenaka n'kuchijambula ndi choko pa chitsulo chafulati chokhuthala mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Katoni satha ndalama, pomwe chitsulo chodulidwa molakwika sichibwereranso. Pamene zitsulo ziwiri zakumana mopanga ngodya pamaikidwa kachidutswa ka makona atatu kolimbitsira, kuti kulemera kwa injini kusagwere pa mzere wowotcherera wokha. Pakati pa chogwirira ndi thupi la galimoto pamayenera kukhala labala yopangidwira ntchitoyo, ndipo ndi bwino kusankha ya galimoto yofala imene ingapezeke ngakhale pa Migowi, chifukwa injini yomangidwa chitsulo pa chitsulo, kapena yoikiridwa chidutswa cha tayala lakutha, imapatsira thupi lonse kunjenjemera kwake mpaka malata amayamba kung'ambika m'malo amene palibe amayang'anako.

Mtundu wa chitsulo ndi nkhani imene imanyalanyazidwa kwambiri, mwina chifukwa zitsulo zonse zimaoneka zofanana zikachita dzimbiri pamulu wa zotayidwa. Choyenera pa ntchitoyi ndi chitsulo chofewa, chimene chili ndi kaboni wochepa, wosapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 400 a kulemera kwake, chifukwa chimawotchereka bwino ndipo chikalemedwa chimayamba chapindika chisanathyoke, zimene zimapereka chenjezo. Pamalo pamene chitsulo chafulati n'chosowa, pamakhala chiyeso chogwiritsa ntchito masipuling'i akale a galimoto, amene ndi okhuthala, olimba ndiponso opezeka paliponse. Masipuling'i ndi abwino posula nkhwangwa ndi zikwanje, koma ali ndi kaboni wambiri, ndipo akatenthedwa ndi moto wowotcherera n'kuzizira mofulumira, kachigawo koyandikana ndi mzere wowotchererawo kamauma gwa n'kukhala kophwanyika, kotero kuti chogwirira chooneka champhamvu chimatha kuduka mwadzidzidzi galimoto ikagwera m'dzenje. Mabawuti nawonso ali ndi magulu ake, ndipo nambala yolembedwa pamutu pa bawuti imanena mphamvu yake: oyenera pa injini ndi pa giyabokosi ndi olembedwa 8.8 kapena 10.9, pomwe olembedwa 4.6 kapena 4.8, ndi ena osalembedwa chilichonse, malo awo ndi pa zitseko ndi pa mageti.

Makina owotcherera amene amapezeka m'malo amalonda a kumidzi ndi aja ogwiritsa ntchito malodi, ndipo ena mwa iwo ndi opangidwa pamanja ndi amisiri odziwa kukulunga waya. Lodi ndi kamtengo kachitsulo kokutidwa ndi mankhwala amene amasungunuka n'kuteteza chitsulo chamadzimadzi kuti chisakhudzane ndi mpweya. Ofala kwambiri ndi a E6013, amene amayaka mosavuta ndipo amasiya mzere wosalala wokongola, koma salowerera kwambiri m'chitsulo chokhuthala, ndipo kukongola kwa pamwambako kumatha kubisa mzere umene wangokhala pamwamba osagwira mkati. Njira yothetsera vutoli ndi kusongola m'mphepete mwa zitsulo ziwirizo ndi girayinda kuti pakhale ngalande, kuchotsa dzimbiri, penti ndi oyilo mpaka chitsulo chiwale, kugwiritsa ntchito lodi ya mamilimita 3.2 ndi moto wa pakati pa maampu 90 ndi 130, ndiponso kugogoda ndi kupala makoko onse a mzere woyamba usanaikidwe wachiwiri. Malodi a E7018 ndi amphamvu kuposa pamenepa, koma amayamwa chinyezi, choncho m'nyengo ya mvula ya kunsi kwa phiri la Mulanje amafunika kusungidwa pouma kwambiri, apo ayi ubwino wake umatha. Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti chitsulo chimakoka chikamazizira, motero zidutswa zimayamba zagwiritsidwa ndi timadontho tochepa zili pagalimoto, kenaka zimachotsedwa n'kukamalizidwira pabenchi, mmisiri akusinthasintha mbali kuti kukokako kulingane, ndipo chitsulo chikatha kuwotchereredwa chimasiyidwa kuti chizizire chokha, osachiviika m'madzi.

Thupi la Nissan 1400 ndi la Corolla KE70 lilibe chasisi yapadera yokhuthala ngati ya Hilux kapena ya lole, koma mphamvu yake ili m'malata opyapyala opindidwa ndi kulumikizidwa kukhala mabokosi. Lata la milimita imodzi limabooka likangokhudzidwa ndi lodi yaikulu, ndipo chitsulo chokhuthala chikawotchereredwa pa kamalo kochepa ka lata lotere, latalo limang'ambika mozungulira mzerewo patapita nthawi. N'chifukwa chake pamalo otero pamayalidwa kaye chigamba chotakata chogawa kulemera, ndipo nthawi zambiri kumanga ndi mabawuti kumaposa kuwotcherera. Mavuto a magetsi amalowereranso pa nkhani imeneyi, pakuti magetsi akafooka moto wa makina umachepa ndipo mzere sulowerera ngakhale dzanja likhale la katswiri. Amisiri ambiri a m'dziko muno anaziona zimenezi pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zogwirira injini siziyenera kuwotchereredwa nthawi imene magetsi akuphethira, ngakhale mwini galimoto akhale kuti waima pamenepo akuwerenga masiku amene waluza.

Gawo lovuta koposa onse limabwera pamene injini ya kampani ina ikulumikizidwa ndi giyabokosi ya kampani ina. Mabowo a mabawuti a kumbuyo kwa injini sagwirizana ndi a kukamwa kwa giyabokosi, choncho pakati pake pamaikidwa chitsulo chafulati cholumikizira, chokhuthala mamilimita khumi kapena khumi ndi awiri, chimene chimakhala ndi mabowo a mbali zonse ziwiri. Kuboola mabowowo si kovuta, koma chovuta n'chakuti chitsulo chozungulira cha m'kati mwa injini, chotchedwa kirankishafuti, chiyenera kuloza ndendende pakati pa chitsulo cholowetsa mphamvu m'giyabokosi, ndipo kusemphana kololedwa pakati pa ziwirizi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, komwe ndi kukhuthala kwa pepala limodzi la m'kope. Mabawuti sangasunge muyezo wotere chifukwa amakhala ndi mpata m'mabowo awo, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi timisomali tiwiri tosalala tolowa mothina, timene opanga injini anaika kumbuyo kwake ndi cholinga chomwecho. Mabowo a timisomali timeneti sangapezedwe ndi tepi ndi choko, koma amafuna makina osemera zitsulo ndi kawotchi koyezera kamene kamaonetsa magawo ang'onoang'ono a milimita, ndipo zipangizo zoterezi zimapezeka m'mashopu a uinjiniya a ku Limbe ndi ku Blantyre. Mmisiri wa pa Chiringa amene amatumiza gawo limeneli kumzinda sakuonetsa kuperewera, koma akuonetsa kuti amadziwa pamene zida zake zimalekezera.

Zotsatira za kusemphana sizioneka tsiku loyamba, ndipo n'chifukwa chake ntchito yolakwika imatha kulandiridwa ndi chimwemwe. Galimoto imalira bwino, imayenda bwino, koma patapita milungu kapena miyezi kilatchi imayamba kunjenjemera, magiya amayamba kukana kulowa kapena kutuluka okha, ndipo beyaling'i ya kutsogolo kwa giyabokosi imatha. Mwini galimoto amagula kilatchi ina, imathanso, ndipo amaimba mlandu wogulitsa masipeyala pomwe chilema chili m'chitsulo cholumikizira chija. Palinso zina zoyenera kugwirizana pamalo omwewo: kabeyaling'i ka kumbuyo kwa kirankishafuti kamene kamagwira nsonga ya giyabokosi kamafunika kusemeredwa mphete yake, mbale ya kilatchi imayenera kukhala ndi mano ofanana ndi a giyabokosi koma kukula kofanana ndi fulayiwilo, lomwe ndi gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, ndipo sitata imayenera kuluma mano a gudumulo mosathina ndi mosalekerera. Poona zonsezi, njira yanzeru kwa munthu wokhala kutali ndi mzinda ndi yogula injini pamodzi ndi giyabokosi yake, kuti mfundo yovutayi ikhale yomangidwa kale ndi fakitale, ndipo ntchito yamanja itsale pa zogwirira, pa bowo la ndodo ya magiya ndi pa chitsulo chopita kudifu.

Chitsulo chopita kudifucho, chimene chimatchedwa pulopushafuti, pafupifupi nthawi zonse chimafunika kufupikitsidwa kapena kupatsidwa mutu wina. Ndi paipi yopyapyala imene, galimoto ikakhala m'giya ya nambala 4, imazungulira mofanana ndi injini, kutanthauza maulendo zikwi zitatu kapena zinayi pa mphindi imodzi, ndipo pa liwiro lotero kupindika kosaoneka ndi maso kumagwedeza galimoto yonse. Paipiyi imadulidwa pa makina osemera kuti nsonga ikhale yowongoka, mutu umalowetsedwa mothina, ndipo mafoloko a mbali ziwiri amayenera kuyang'ana njira imodzi, chifukwa mfundo zooneka ngati mtanda za kunsonga zake zimafulumira ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo ya kumbuyo imafafaniza kusalingana kwa ya kutsogolo pokhapokha zitaikidwa mogwirizana. Kudula pakati pa paipi ndi sowo n'kulumikiza ndi lodi pansi pa mtengo wa mango ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe, pakuti pulopushafuti ikaduka chakutsogolo galimoto ikuthamanga, nsonga yake imatha kukumba mumsewu n'kutembenuza galimoto. Lamba wachitsulo womangidwa mozungulira paipiyo chakutsogolo, kuti aigwire ikaduka, ndi kachinthu kotchipa kamene kayenera kukhala pa galimoto iliyonse yosinthidwa.

Pansi pa injini pali sampu, beseni lachitsulo losungira oyilo, ndipo malo ake akuya nthawi zambiri amagwera pomwe pali mtanda kapena zitsulo za chiwongolero. Sampu ya lata imadulidwa n'kupangidwanso ndi moto wa gasi, mosamala kuti oyilo wolowamo asachepe poyerekeza ndi kale, ndipo paipi yoyamwa oyilo imatalikitsidwa kapena kupindidwa kuti kamwa lake likhale pafupifupi sentimita imodzi kuchokera pansi. Pomaliza imadzazidwa ndi palafini n'kusiyidwa usiku wonse, chifukwa palafini amatulukira ngakhale pa kabowo kamene madzi sangadutse. Sampu ya aluminiyamu singawotchereredwe bwino ndi makina a malodi wamba, ndipo nayonso imafuna ulendo wa kumzinda. M'dera lino muyezo wa pakati pa sampu ndi nthaka uli ndi tanthauzo lalikulu, chifukwa misewu yambiri yolowa m'midzi ndi yafumbi ndipo imadutsa m'mitsinje yotsika kuphiri, imene imagubuduza miyala ikasefukira, monga zinachitikira pa napolo wa mu Malichi 1991 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sampu siyenera kutsika kuposa mtanda, ndi bwino kuitchinga ndi chitsulo chafulati chomangidwa ndi mabawuti, ndipo kamwa lokokera mpweya wa injini liyenera kuikidwa m'mwamba, popeza injini imene yameza madzi imapinda zitsulo zake za m'kati nthawi yomweyo.

Ekizozi ndi rediyeta sizifuna luso lapadera kuposa chisamaliro. Paipi ya utsi imayenera kudutsa kutali ndi mapaipi a mabuleki ndi a petulo, ipachikidwe pa malabala, ndipo isadonthe paliponse pansi pa malo okhala anthu, chifukwa utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo. Rediyeta imayenera kukula molingana ndi injini yatsopano, ndipo kutentha kwa chigwa cha Phalombe mu Okutobala ndi Novembala sikukhululukira rediyeta yaing'ono.

Njira ya petulo ndi imene yabweretsa zachilendo kwa amisiri amene anakulira pa kabuleta. Kabuleta imalandira petulo wokankhidwa pang'ono chabe, pomwe injini ya jekeseni, imene imapopera petulo molamulidwa ndi kakompyuta, imafuna mphamvu yoposa pamenepo kakhumi, motero imafuna pampu yake, mapaipi opirira mphamvuyo ndi zomangira zake, ndiponso, pa injini zambiri za m'zaka za m'ma 1990, paipi yachiwiri yobwezera petulo wotsala kuthanki. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amafewetsa malabala ena akale, choncho mapaipi onse a labala ayenera kusinthidwa. Kuika paipi yobwezera kumafuna kuboola thanki, ndipo apa pali ngozi imene yavulaza owotcherera ambiri padziko lonse: thanki yopanda petulo ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimene chimaphulika ndi nthunzi yosakanikirana ndi mpweya, ndipo nthunziyo imatsalira m'makona ngakhale thanki itatsukidwa kangapo. Njira yotetezeka ndi kuchotsa kachivundikiro ka pamwamba pa thanki kamene kamanyamula choyezera petulo, n'kukagwirira ntchito kutali ndi thankiyo. Kakompyuta ka injini nako kamafa ndi moto wa makina owotcherera, choncho kamazulidwa pamodzi ndi batire nthawi iliyonse pamene pakuwotchereredwa chinthu pagalimoto.

Injini yamphamvu imafulumizitsa galimoto, koma siiphunzitsa kuima. Mabuleki, masipuling'i ndi difu za kagalimoto kakale zinayezedwa molingana ndi injini yakale ndi katundu wa theka la tani, ndipo mwini galimoto akamva mphamvu yatsopano amayamba kupakira matumba oposa kale, pamodzi ndi eni matumbawo pamwamba pake. Pa chifukwa chimenechi, injini yoposa yakale pang'ono ndi yabwino kuposa yoiposa kawiri, ndipo ndalama yokonzetsera mabuleki iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa injini kuyambira pachiyambi. Zitsulo za chiwongolero, zimene zinasulidwa ndi kulimbitsidwa ndi moto wa muyezo kufakitale, siziyenera kudulidwa, kutenthedwa kapena kuwotchereredwa pofuna kupereka malo kwa injini. Ngati injini singalowe popanda kukhudza chiwongolero, ndiye kuti injiniyo si ya galimoto imeneyo.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Nambala ya injini imalembedwa m'bulubuku ya galimoto, ndipo injini ikasinthidwa kusinthako kumayenera kukalembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Road Traffic, imene imaperekanso chiphaso cha COF chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda. Risiti yogulira injini, yokhala ndi nambala yake, ndi yofunika kuisunga, makamaka m'dera la m'malire ngati lino kumene katundu wosadziwika chiyambi chake amatha kudutsa, popeza imateteza wogula ngati injiniyo itapezeka kuti inabedwa, ndiponso kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira pa ngozi ngati injini ya m'galimoto ikusiyana ndi yolembedwa m'mapepala.

Ambiri mwa owotcherera a m'malo amalonda anaphunzira ntchito pothandiza mmisiri wamkulu, kuyambira pa mafelemu a zitseko, mawindo, ngolo ndi njinga za kabaza, ndipo maphunziro otere amapereka dzanja lokhazikika koma kawirikawiri sapereka chidziwitso cha mitundu ya zitsulo ndi cha miyezo yaing'ono. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pamodzi ndi makoleji monga Soche ku Limbe, Nasawa ku Zomba ndi koleji ya m'dera ya Naminjiwa m'boma la Phalombe momwemo, ali ndi mwayi wotseka mpata umenewu, makamaka kudzera m'maphunziro aafupi a amisiri amene ali kale pa ntchito ndipo sangasiye mashopu awo kwa zaka. Maphunziro oterewa ayenera kukhudzanso thanzi la mmisiri, chifukwa anyamata ambiri amawotcherera atavala magalasi a dzuwa m'malo mwa chigoba chotchinga nkhope, n'kumagona usiku maso akuwawa ngati mwalowa mchenga, ndipo ena amapuma utsi woyera wa mapaipi okutidwa ndi zinki umene umadwalitsa.

Ntchito siithera pa tsiku limene injini yalira. Galimoto imayamba yayendetsedwa yopanda katundu pa mtunda waufupi, mmisiri akumvetsera kugunda kulikonse ndi kuyang'ana kutentha kwa madzi ndi nyali ya oyilo, kenaka imayesedwa ndi katundu pamsewu wa mabampu, ndipo patatha mlungu umodzi kapena iwiri imabwereranso kugalaja kuti mabawuti onse a zogwirira, a giyabokosi ndi a pulopushafuti akamangidwenso, popeza penti ndi malabala atsopano amaphwa ndipo mabawuti amakhwefuka. Zitsulo zopangidwa pamanja ndi bwino kuzipaka penti yowala m'malo mwa yakuda, chifukwa mng'alu ukayamba umaonekera ngati kamzere kofiira ka dzimbiri m'mphepete mwa pamene panawotchereredwa, ndipo kuyang'ana malo amenewa kuyenera kuchitika nthawi iliyonse yosintha oyilo, makamaka kumapeto kwa nyengo yokolola pamene galimoto yanyamula katundu wolemera kwa miyezi yotsatizana.